Nyanja ndi minda yathu poziona kuchokera kumwamba



Chaka cha 2024, madzi a nyanja atakwera n'kulowa m'nyumba, m'madimba ndi m'malo oyanikira usipa, tinakhala pakhonde tsiku lina titatuluka ku Juma, ndipo panabuka mkangano. Achinyamata amati nyanja sinafikepo pamenepa chiyambire. Akuluakulu amati ayi, mu 1980 madzi anapitirira apo, anakafika pamlambe paja. Wina amati ndi mvula ya Freddy, wina amati atseka ku Liwonde. Aliyense amalankhula motsimikiza, koma panalibe amene anali ndi choonetsa.

Sabata yotsatira kunabwera muphwa wathu amene akuphunzira za mapu ku koleji. Anatsegula laputopu yake pamkeka n'kutionetsa gombe lathu lomweli mmene linkaonekera kuchokera kumwamba: chithunzi china cha m'ma 1980, china cha 1995, china cha 2024. Pa choyambacho, pamene ena a ife tinadzamanga nyumba panali madzi. Pa chachiwiri panali mchenga wouma, waukulu bwino, wokopa aliyense wofuna malo. Pa chachitatu madzi anali atabwerera pamalo pake. Pakhonde panangoti zii. Akale sananame, madzi saiwala khwawa.

Kuyambira tsiku limenelo takhala tikumufunsa mnyamatayu mafunso, ife amene sukulu tinalekezera ku pulayimale, ndipo zimene tamva tati tizilembe pano. Chifukwa chake n'chakuti zithunzi zimenezi zikugwiritsidwa kale ntchito pogamula nkhani zokhudza ife: kumene kupite chimanga cha thandizo, ngati ndalama za inshulansi ya chilala zituluke, malo amene akuti ndi oopsa kumangapo, ndi nkhalango zimene akuti zikutha. Munthu wosadziwa kuwerenga sikelo, pamsika amangovomera chilichonse chimene wogula wanena.

Chimene chimajambula ndi chiyani?

Setilaiti ndi makina amene anthu anawaponya kumwamba ndipo amazungulira dziko monga uchitira mwezi. Asodzi a usiku mumawadziwa: kanyenyezi koyenda pang'onopang'ono, kosaphethira, kamene kamadutsa kumadzulo kukangoda kapena mbandakucha. Ena mwa makinawa ndi a mauthenga, ena ndi a zanyengo, ena ntchito yawo ndi kujambula nthaka ndi madzi basi.

Dziko la America linaponya Landsat yoyamba mu 1972. Lero zikugwira ntchito ndi Landsat 8, ya mu 2013, ndi Landsat 9, ya mu 2021. Zimayenda pamtunda wa makilomita 705 kuchokera pansi, kuposa utali wa nyanja yathu yonse umene sufika makilomita 600. Iliyonse imadutsa pamwamba pa Mangochi masiku 16 aliwonse, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndiye ziwirizo pamodzi zimatijambula masiku 8 aliwonse. Mayiko a ku Ulaya ali ndi zawo zotchedwa Sentinel-2. Yoyamba inapita mu 2015, yachiwiri mu 2017, ndipo zimabwerera pamalo amodzi masiku 5 aliwonse.

Kale chithunzi chimodzi cha Landsat chinkagulidwa madola mazanamazana, ndiye ankachipeza ndi maboma ndi makampani okha. Kuyambira mu 2008 nkhokwe yonse anaitsegula, yaulere. Za Sentinel nazo n'zaulere chiyambire. Ndiye kuti mbiri ya gombe lathu ya zaka zoposa 50 ilipo, yosungidwa, ndipo mwana wa msodzi wa ku Msaka ali ndi ufulu woitenga chimodzimodzi ndi mphunzitsi wamkulu wa ku London.

Ophunzira ntchito imeneyi amaitchula remote sensing, kutanthauza kudziwa za chinthu uli patali, osachikhudza. Dzina lokha ndiye lachilendo, nzeruyo si yachilendo kwa ife. Msodzi akaona mbalame zaunjikana pakati pa nyanja, kapena madzi achita mdima pena pake, amadziwa za nsomba zimene sanazione. Mlimi akaima pachulu n'kuona munda wa mnzake wachita chikasu, amadziwa kuti feteleza sanafike. Setilaiti imachita zomwezo, kungoti chulu chake n'chachitali ndipo siiwala.

Maso a ukonde

Chithunzi cha setilaiti chimapangidwa ndi timabokosi tambirimbiri tondandana, ngati maso a ukonde. Pa Landsat kabokosi kamodzi ndi malo a mamita 30 m'litali ndi mamita 30 m'lifupi, ndiye ekala imodzi imalowa m'timabokosi tinayi ndi theka. Pa Sentinel-2 kabokosi ndi mamita 10 mbali zonse, ndipo ekala imakhala ndi timabokosi pafupifupi 40. Chilichonse chimene chili mkati mwa kabokosi kamodzi, kaya ndi mbuzi, kaya ndi mtengo wa mango, kaya ndi bafa, chimasakanikirana n'kukhala kadontho kamodzi ka mtundu umodzi.

Ukonde wa maso akulu sugwira kambuzi, eti? Chimodzimodzinso apa. Setilaiti zaulerezi siziona bwato, siziona munthu, siziona ukonde woletsedwa. Tikunena izi chifukwa amayi ena anatidandaulira kuti kodi ndiye kuti tikamasamba kudooko amationa? Ayi, mitima ikhale pansi. Zilipo setilaiti zina za makampani zimene maso ake ndi aang'ono, zoti zimaonetsa denga la nyumba, mtengo ndi boti lalikulu. Zimenezo ndi zimene mumaziona pa Google Earth mukamafufuza mudzi wanu pafoni. Koma nazonso sizionetsa nkhope ya munthu, ndipo kawirikawiri chithunzicho chimakhala cha miyezi kapena zaka zapitazo. Si kanema woti akukuonerani pompano.

Ntchito ya pulogalamu ya pakompyuta

Apa ndiye pagona nkhani. Chimene setilaiti imatumiza pansi si chithunzi ngati cha pachitupa. Ndi manambala. Dzuwa likawomba pansi, chinthu chilichonse chimamwa kuwala kwina n'kubweza kwina, ndipo makinawo amayeza kuchuluka kwa kuwala kobwezedwako pa kabokosi kalikonse. Maso athu amaona kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, pamodzi ndi mitundu yochokera m'kusakaniza itatuyi. Sentinel-2 imayeza magawo 13 a kuwala, Landsat 8 imayeza 11, ndipo ambiri mwa magawowa maso a munthu sawaona. Lofunika kwambiri kwa alimi amalitchula infrared. Landsat ili ndi magawo enanso oyeza kutentha kwa nthaka ndi kwa madzi a pamwamba.

Manambala amenewa ali ngati chimanga cha m'nkhokwe. Kuti chikhale nsima, chimafuna kukonola, kupeta ndi kugaya. Chigayo chake ndi pulogalamu ya pakompyuta yokonzera zithunzi, ndipo ntchito imayenda motere.

Choyamba, munthu amasankha tsiku ndi malo n'kutsitsa chithunzicho pa intaneti. Amafuna tsiku lopanda mitambo, chifukwa setilaiti zodalira dzuwa sizipyoza mtambo. Vuto lake n'lakuti miyezi imene timafunitsitsa kuona minda, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndi imenenso kumwamba kumakhala kotseka.

Chachiwiri ndi kupeta. Pakati pa setilaiti ndi nthaka pali fumbi, chinyezi ndi utsi, makamaka mu Sepitembala ndi Okutobala pamene tchire likupsa. Pulogalamu imachotsa chifunga chimenechi powerengera, kuti chithunzi cha chaka chino chifanizidwe mwachilungamo ndi cha chaka chatha.

Chachitatu ndi kupaka mitundu. Popeza infrared saoneka, pulogalamu imamubwereka mtundu wofiira kuti maso athu amuone. Tsamba lathanzi limabweza infrared wambiri, pamene madzi amamumwa pafupifupi yense. Ndiye pachithunzi chotere nkhalango ndi madimba zimaoneka zofiira ngati chitedze chakupsa, nyanja imaoneka yakuda, mchenga woyera. Tsiku loyamba tinadabwa kuona phiri lonse lili psuu, tinkayesa lapsa ndi moto, chonsecho ndi pamene mitengo yatsala.

Chachinayi ndi kuwerengera. Pali kasamu kena kotchedwa NDVI, kamene kamafanizira kuwala kofiira ndi infrared n'kupereka nambala pakati pa -1 ndi 1 pa kabokosi kalikonse. Madzi amakhala pansi pa 0. Nthaka yopanda kanthu imakhala cha pa 0.1 kapena 0.2. Chimanga chokondwa bwino chimafika 0.6 kapena kupitirira. Munthu akatenga nambala imeneyi mwezi ndi mwezi, amaona mmene mbewu zadzukira, pamene zafika pachimake, ndi pamene zayamba kufota.

Chachisanu ndi kuphunzitsa kompyuta. Wophunzira amaloza malo amene akuwadziwa bwino n'kuiuza kuti apa ndi mpunga, apa ndi bango, apa ndi mudzi, apa ndi nkhalango. Kompyuta imayang'ana manambala a malo amenewo, kenaka n'kufufuza timabokosi tonse tofanana nawo m'boma lonse, n'kutulutsa mapu okhala ndi mahekitala a chinthu chilichonse. Ili ngati mwana wa ku madrasa: chimene wamuphunzitsa ndi chimene amabwereza. Ukamuphunzitsa molakwa, amalakwa molimba mtima.

Chomaliza, chimene aulesi amachidumpha, ndi kunyamuka kupita pamalopo kukaona ndi maso ngati zimene mapu akunena zilidi zoona.

Mapulogalamu ake ndi ati?

Alipo ogulitsa, monga ArcGIS, ENVI ndi ERDAS, amene mtengo wake sungakwanitsidwe ndi mwana wa sukulu. Koma alipo aulere amene amagwira ntchito yomweyo, ndipo ndi amene atsegula chitseko kwa ana athu. QGIS, imene inayambitsidwa ndi Gary Sherman mu 2002, ndiyo yofala kwambiri pojambula mapu, ndipo ukangoiika pakompyuta imagwira ntchito popanda intaneti. SNAP ndi ya bungwe la European Space Agency, anaipangira zithunzi za Sentinel. MultiSpec inapangidwa ku yunivesite ya Purdue ku America ndi cholinga chophunzitsira ndi kufufuzira, ndipo ndi yopepuka moti laputopu yakale imaikwanitsa. Palinso Google Earth Engine, imene ndi yaulere kwa ophunzira ndi ofufuza. Iyoyo ntchito yolemera imachitikira pa makompyuta a Google, iwe n'kungolandira zotsatira. Zimenezi n'zothandiza kwathu kuno, chifukwa chithunzi chimodzi cha Sentinel-2 chimatha kufika pafupi ndi gigabaiti imodzi, ndipo tonse tikudziwa mtengo wa bandulo.

Kuno ku Malawi maphunziro a mapu ndi zithunzi zotere amapezeka m'mayunivesite monga MUST ku Thyolo, Mzuzu University, MUBAS ku Blantyre, LUANAR ndi University of Malawi ku Zomba. Mu Januwale 2020 bungwe la UNICEF linatsegula sukulu ya African Drone and Data Academy yophunzitsa achinyamata kuulutsa tindege topanda woyendetsa ndi kukonza zithunzi zake. Tindege timeneti timauluka pansi pa mitambo ndipo timaona ngakhale mizere ya m'munda, koma timajambula malo ochepa.

Zimene zimaoneka panyanja

Choyamba ndi malire a madzi. Nyanja yathu siikhala pamodzi. Chaka chilichonse imakwera ndi mvula n'kutsika ndi chilimwe, pafupifupi mita imodzi. Koma ilinso ndi kukwera ndi kutsika kwa zaka zambiri. Kuyambira 1915 mpaka 1935 inatsika moti Shire analeka kutuluka m'nyanja, ndipo Malombe anasanduka dambo. Mu 1980 inakwera kufika pafupifupi mamita 477 poyeza kuchokera pa nyanja yamchere. Cha m'ma 1997 inatsikira cha pa 473. Mu 2024 inapitiriranso 476. Mamita atatu kapena anayi akumveka ochepa, koma pagombe lathyathyathya ngati lathuli madziwo amayenda mtunda wautali. Pulogalamu imatha kujambula mzere wa madzi wa chaka chilichonse n'kuisanjikiza yonse pa mapu amodzi. Munthu wofuna kugula puloti m'mbali mwa nyanja akanaona mapu amenewo, sakanataya ndalama za ku Johannesburg zimene mwana wake anavutikira zaka zisanu.

Koma tisanamizane. Chithunzi chimaonetsa pamene madzi afika, sichinena chifukwa chake. Kuti tidziwe gawo la mvula ndi gawo la zitseko za Kamuzu Barrage, imene inamangidwa ku Liwonde mu 1965, pamafunika miyezo ya mvula ndi ya madzi odutsa mu Shire. Mkangano wathu wa pakhonde uja chithunzi chinauthetsa theka lokha.

Chachiwiri ndi matope. Mvula yoyamba ikagwa, chithunzi chimaonetsa lilime lofiirira likutuluka pamathiriro a mtsinje uliwonse n'kulowa m'nyanja makilomita angapo. Lilime limenelo ndi nthaka ya m'minda mwathu. Mlimi wataya chonde, ndipo msodzi naye waluza, chifukwa chambo chimakumba zisa zake pamchenga wa m'madzi osaya, ndipo matope amakwirira malo amenewo n'kutchinga kuwala kumene ndere ndi udzu wa pansi zimafuna. Ambiri a ife ndife alimi ndi asodzi nthawi imodzi, ndiye tikamalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, dzanja lamanja likubera lamanzere.

Chachitatu ndi kutentha kwa madzi. Mwera ukamawomba, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kuno kummwera kumatumphuka madzi ozizira a pansi okhala ndi chonde. Ndere zimachuluka, tizilombo tating'ono todya ndere timachuluka, usipa n'kupeza chakudya. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene chigawo chathu chino chili ndi nsomba zambiri kuposa kumpoto, kumene nyanja ndi yakuya mpaka mamita 700. Setilaiti zoyeza kutentha zimaonetsa madzi ozizirawa bwinobwino. Komabe chenjerani, setilaiti siiona nsomba. Imaona khungu la pamwamba la madzi basi. Wina akadzabwera pagombe n'kumati ndipatseni ndalama ndikuikireni pafoni chinthu choloza pamene pali chambo, mudziwe kuti wabwera kudzawedza inuyo.

Chachinayi ndi zomera za m'madzi. Namasupuni, popeza amayandama ndipo ndi wobiriwira, amaoneka msanga pa Shire ndi pa Malombe. Bango ndi gumbwa wa m'mbali, mmene ana a nsomba amabisala, amaonekanso, ndipo tingathe kuyeza mmene watheramo m'zaka 30. Za Malombe tonse tikuzidziwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 chambo chinkatuluka matani masauzande angapo pachaka, koma pofika m'ma 1990 chinatsala mazana ochepa chabe. N'chifukwa chake mu 1993 kunayambika makomiti a pagombe aja timati ma BVC. Chithunzi sichingaonetse nkacha kapena neti ya udzudzu imene yakokolola ana a nsomba. Zimenezo amaziona ndi a komiti ndi alangizi a zansomba. Koma chingaonetse malo oswanirana amene atsala, kuti poika malire a malo otetezedwa tisamangoloza ndi chala.

Anzathu a ku Chilwa zithunzi zawathandiza kuona nyanja yawo ikuphwa mu 1995, kubwerera, n'kuphwanso kwambiri mu 2018. Nyanja yosaya ngati imeneyo ikayamba kubwerera m'mbuyo, mzere wake umaoneka mwezi ndi mwezi, ndipo anthu angathe kukonzekera matemba asanatheretu.

Zimene zimaoneka kumtunda

M'chaka cha ng'amba, NDVI ya boma lonse imatsika poyerekeza ndi zaka zabwino, ndipo akuluakulu a zaulimi amadziwa madera amene avutika kwambiri asanalandire malipoti onse. Mu Malichi 2024, pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28, ng'amba imeneyo inkaonekanso kuchokera kumwamba.

Pa madzi osefukira pamagwira ntchito setilaiti ya mtundu wina, Sentinel-1, imene inayamba mu 2014. Iyoyo siidalira dzuwa. Imatumiza mafunde ake pansi n'kumvetsera obwerera, monga achitira mleme mumdima, ndipo mafundewo amapyoza mitambo usana ndi usiku. Madzi odekha sabweza mafundewo kwa mwini wake, ndiye pachithunzi amaoneka akuda bii. Pa namondwe Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, mapu otere ankaonetsa midzi ndi minda yomira pamene misewu inali itaduka.

Nkhalango nazo sizibisika. Mukaika chithunzi cha Phirilongwe kapena Namizimu cha m'ma 1990 pambali pa cha lero, kufiira kuja kumaoneka kuti kwadyeka kuchokera m'mphepete, ngati chitenje chakale. Tisaloze anthu ena chala. Nkhuni zowambira nsomba, zootchera njerwa, makala opita m'tauni ndi mitengo yosemera mabwato, zonsezo ndi zathu. Ndipo phiri likavula, matope aja ndi amene amatsikira kunyanja.

Pamene kompyuta inasokera

Tsopano mverani nkhani iyi, chifukwa ndi imene yatichititsa kulemba. Nyengo ya 2015/16 boma linagula inshulansi ya chilala ku African Risk Capacity, bungwe la mgwirizano wa mayiko a mu Africa. Inshulansi imeneyi siitumiza munthu kudzayendera minda. Imadalira miyezo ya mvula yochokera ku setilaiti ndi pulogalamu yowerengera ngati mvulayo yakwanira chimanga. Chaka chimenecho njala inavuta, anthu 6.5 miliyoni anafunika thandizo la chakudya. Koma poyamba pulogalamuyo inati ovutika ndi ochepa, ndalama sizituluka.

Atafufuza, ndi thandizo la akatswiri a ku LUANAR amene anayenda m'midzi kufunsa alimi, anapeza chimene chinalakwika. Kompyuta inauzidwa kuti Amalawi amabzala chimanga chochedwa kucha, cha masiku 120 kapena kuposa, chonsecho alimi ambiri anali atasinthira ku mbewu zocha msanga, za masiku 90. Ndiye pakompyuta chimanga chinkaoneka ngati chili ndi nthawi yopulumuka, pamene m'munda chinali chitapserera kale. Atakonza nambala imeneyo, ndalama zokwana madola 8.1 miliyoni zinatuluka, koma zinafika mu Januwale 2017, anthu atavutika miyezi yambiri.

Taonani, abale. Setilaiti sinaname, mvula inaiyeza. Masamu sanalakwe. Chinasowa ndi chinthu chimene mayi aliyense wa kumudzi akanayankha osaganiza n'komwe: mwabzala mbewu yanji? Safunsa anadya phula.

Zolakwika zazing'ono za mtundu womwewu zimachitika tsiku ndi tsiku. Kwa setilaiti, udzu ndi chimanga zonse n'zobiriwira, ndiye munda wosapalira umaoneka wokondwa. Minda yathu ndi yaing'ono ndipo timasakaniza chimanga, nandolo, maungu ndi khobwe, zonse n'kulowa m'kabokosi kamodzi. Ntchemberezandonda zikalowa m'munda, mlimi amaziona mu nsonga ya chimanga masabata angapo chithunzi chisanasinthe mtundu. Muphwa wathu yemwe, pa mapu ake oyamba, dambo lina la bango analilemba kuti ndi mpunga mahekitala ambirimbiri. Anamukonza ndi agogo ake aakazi amene sanagwirepo kompyuta, atangomva dzina la malowo.

Nanga ife tichitepo chiyani?

Ofufuza akabwera m'mudzi ndi timakina tawo toyezera malo, atadzera kwa amfumu monga mwa mwambo, tiwalandire ndipo tiwauze zoona. Ena amachulukitsa dala mavuto poganiza kuti thandizo libwera lambiri, ena amabisa poopa msonkho. Bodza limenelo likalowa m'kompyuta limabala mapu abodza, ndipo mapuwo ndi amene adzagamulire ana athu. Koma nafenso tili ndi ufulu wofunsa. Chithunzichi n'cha liti? Kabokosi kake n'kakakulu bwanji? Munafika pamalopo kudzatsimikiza? Ndipo mukamaliza, mudzabwera kudzationetsa zotsatira, m'chilankhulo chimene timamva? Wofufuza wachilungamo mafunso amenewa samukwiyitsa.

Makomiti a pagombe ndi a zachitukuko m'midzi angathe kupempha kudzera kwa alangizi, ku ofesi ya zansomba, kapena kwa ophunzira a ku Malawi College of Fisheries ku Mpwepwe ndi ofufuza a ku Monkey Bay, kuti awathandize kupeza mapu a dera lawo osindikizidwa papepala lalikulu. Pepala limodzi lotere, lopachikidwa pamene anthu amasonkhana, limafupikitsa milandu yambiri.

Makolo, mwana amene amakonda masamu ndi jogalafe musamuchotse sukulu kuti akapalase bwato kapena akakwatiwe. Ntchito imeneyi siifuna mphamvu za m'manja, mtsikana amaigwira chimodzimodzi ndi mnyamata. Zithunzi n'zaulere, mapulogalamu ndi aulere. Chosowa ndi laputopu, magetsi kapena sola, ndi mwana wodziwa Chingerezi chokwanira kuwerenga malangizo. Ana athu amene ali ku South Africa, potumiza mafoni odula ndi mawailesi, aganizirekonso laputopu imodzi yakale ya kusukulu ya kwawo. Mapu a Mangochi akamajambulidwa ndi mwana wobadwira ku Mangochi, amene amadziwa kusiyana kwa bango ndi mpunga, zolakwika ngati zija za 2016 zimachepa.

Pomaliza, pali nkhokwe ina imene setilaiti ilibe. Zithunzi zinayamba mu 1972, koma m'midzi mwathu muli anthu amene anamva kwa makolo awo za nthawi imene Shire ankawoloka ndi miyendo, ndipo alipo ambiri amene anaona madzi a 1980 ndi maso awo. Anthu amenewa akutha mmodzimmodzi. Kwathu kuno tapangana kuti, insha Allah, madzi akatsika chilimwe chino tidzayenda pagombe ndi akuluakulu, amfumu ndi a komiti. Agogo adzaloza pamene madzi anafika mu 1980, ife tidzaloza pamene anafika mu 2024, muphwa wathu adzalemba malowo pa mapu n'kufanizira ndi zithunzi, ndipo pamzere wapamwambawo tidzabzala mitengo. Kunsi kwa mitengo imeneyo munthu angathe kuyanika usipa, kulima dimba la chilimwe kapena kukocheza bwato, koma nyumba ya njerwa asamange, ndipo puloti asagulitse kwa mlendo wosadziwa.

Midzi ina imene ingafune kuchita chimodzimodzi, yambani ndi kukhala pansi ndi achikulire anu mwezi uno, mulembe zimene akukumbukira m'kope. Zithunzi zili m'nkhokwe ndipo zidikira. Agogo ndi amene sadikira.